Kuphunzitsa anamwino kuzindikira delirium mwa odwala okalamba

Funso

Ndine namwino wamkulu m'chipinda cholandirira odwala mwadzidzidzi. Mabwana andiuza kuti ndikonze maphunziro oti anamwino anzanga azitha kuzindikira delirium, kusokonezeka mutu kobwera mwadzidzidzi, mwa odwala okalamba, koma andipatsa tsiku limodzi lokha. Ogwira ntchitofe ndife ochepa, odwala ndi ambiri, komanso anzanga ena akuti kusokonezeka mutu kwa munthu wachikulire si nkhani, ndi ukalamba basi. Kodi ndiwaphunzitse chiyani, nanga ndidzadziwa bwanji kuti maphunzirowo aphula kanthu?

Yankho

A Sista, ndiyambe ndi tsiku limodzi akupatsanilo. Mukakumana nawonso mabwanawo, apempheni kuti aliduledule. Maola awiri a m'kalasi ndi okwanira. Nthawi yotsalayo ikhale mphindi 10 kapena 15 zoyeserera pambali pa bedi la wodwala, shifiti ndi shifiti, kwa miyezi ingapo. Ndikutero chifukwa vuto la anamwino ambiri si umbuli. Mutawafunsa kuti delirium n'chiyani, ambiri angayankhe bwino ndithu. Chimene chimasowa ndi chizolowezi choyeza agogo amene angogona phee, sakuvutitsa aliyense, pamene pakhomo pafika wina akutaya magazi. Chizolowezi chotero munthu sachitenga pongomvetsera.

Pali kafukufuku wina woyenera kutsegulira kalasi yanuyo. Mu 2009, Dr Jin Han ndi anzake a pa Vanderbilt University ku Nashville, m'dziko la America, anasindikiza zimene anapeza atayeza odwala 303 a zaka 65 kupita m'tsogolo amene anafika m'chipinda ngati chanucho. Odwala 25 anali ndi delirium. Mwa 25 amenewo, 19 anadutsa m'manja mwa madokotala a m'chipindamo vutoli osazindikirika, ndipo 23 anali ndi delirium ya mtundu wofooketsa, imene munthu amangoti zii, kuwodzera, kuyankha mochedwa. Ofufuza a m'mayiko osiyanasiyana amapeza kuti okalamba 8 mpaka 17 pa 100 alionse ofika m'zipinda zotere amakhala ndi delirium. Tsono onani: m'mutu mwa namwino, delirium ndi bambo uja wokuwa, wozula diripi, wofuna kutsika pa bedi. Ameneyo palibe amamuphonya, ngakhale mlonda wa pageti amamuona. Maphunziro anu akhale a wodwala wachete uja.

Za tanthauzo musatayepo nthawi yambiri, koma mfundo ziwiri zikhazikike. Delirium ndi kusokonezeka kwa ubongo kobwera m'maola kapena m'masiku ochepa chifukwa cha matenda, mankhwala, kuvulala kapena vuto lina m'thupi, ndipo chizindikiro chake chachikulu si kuiwala, koma kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi. Munthu amayamba kuyankha n'kusochera pakati, mumabwereza funso kawiri katatu, maso ake ali kwina. Yachiwiri, imasinthasintha. Wodwala amene mwacheza naye bwinobwino 10 koloko m'mawa akhoza kukhala wina pofika madzulo, mawa lake n'kuoneka ngati wachira. Dementia, matenda oiwalaiwala aja, siitero. Imabwera pang'onopang'ono kwa miyezi ndi zaka, ndipo nthawi zambiri munthu amakhala maso bwinobwino. Komatu munthu wa dementia ndi amene delirium imamugwira msanga kuposa wina aliyense, moti mawu oti “ameneyu amaiwalaiwala kale” azikhala chifukwa chomuyezera, osati chomudumphira.

Anzanu amene akuti ndi ukalamba musakangane nawo, ingowaonetsani chiwerengero. Gulu lomwelija la ku Nashville linatsatira okalamba 628, ndipo mu 2010 linalengeza kuti mwa amene anafika ali ndi delirium, 37 pa 100 alionse anamwalira isanathe miyezi 6, pamene mwa enawo anali 14 pa 100. Ngakhale ataganizira msinkhu, kukula kwa matenda ndi dementia, delirium inaonekabe kuti imayendera limodzi ndi imfa. Ukalamba pawokha suchititsa munthu amene dzulo ankatchula zidzukulu zake zonse mayina kuti lero asadziwe komwe ali. Ndipo thupi lokalamba limabisa zizindikiro. Chibayo chikhoza kubwera popanda kutentha thupi, mtima ukhoza kuvulala popanda kupweteka pachifuwa, chizindikiro chokhacho n'kukhala chakuti mutu wasokonezeka.

Tsopano njira yoyezera. Sankhani imodzi, ndipo chipinda chonse chizigwiritsa ntchito yomweyo. Yodziwika kwambiri ndi CAM, imene Dr Sharon Inouye ndi anzake anatulutsa mu 1990. Imayang'ana zinthu zinayi: kuyamba mwadzidzidzi ndi kusinthasintha, kulephera kuika maganizo pamodzi, kuganiza kosalongosoka, ndi kusintha kwa mmene munthu alili maso. Pamafunika ziwiri zoyambazo kuphatikizapo chimodzi mwa zotsalazo. Ndi njira yabwino m'manja mwa munthu wophunzitsidwa amene wayamba wamufunsa wodwalayo mafunso oyeza maganizo. Koma ikangokhala fomu yochonga pongomuyang'ana wodwala, imataya mphamvu. Dr Inouye yemweyo anasonyeza mu 2001 kuti anamwino a m'mawodi, pongodalira zimene ankaona pa ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku, anazindikira odwala 31 okha pa 100 alionse amene anali ndi delirium. Amene ankaphonyedwa kwambiri anali ofooka achete aja, a zaka 80 kupita m'tsogolo, osaona bwino, ndi a dementia. Anzanu amve bwino pamenepa: diso la namwino, ngakhale wa zaka zambiri pa ntchito, silikwanira. Pamafunika kufunsa.

M'chipinda chotanganidwa ngati chanu, ine ndingasankhe 4AT. Inakonzedwa ku Edinburgh, m'dziko la Scotland, mu 2011 ndi Prof Alasdair MacLullich ndi anzake, siitenga mphindi ziwiri, ndi yaulere, ndipo inamasuliridwa m'zinenero zambiri. Bungwe lopereka malangizo a zachipatala la SIGN la ku Scotland linailimbikitsa mu 2019, la NICE la ku England linachitanso chimodzimodzi mu 2023. Ili ndi magawo anayi. Loyamba ndi kuona mmene wodwala alili maso: ngati ali bwinobwino, kapena anali mtulo koma wadzuka n'kukhala bwino asanathe masekondi 10, mumalemba 0, ngati akuwodzera moonekeratu kapena ali wosakhazikika mosadziwika bwino, mumalemba 4. Lachiwiri ndi mafunso anayi: zaka zake, tsiku lake lobadwa, malo amene ali, ndi chaka chino. Akalakwa limodzi ndi 1, akalakwa awiri kapena kuposa, kapena ngati sangathe n'komwe kuyankha, ndi 2. Lachitatu, atchule miyezi ya pa chaka chobwerera m'mbuyo kuyambira Disembala. Akakhoza 7 kapena kuposa ndi 0, akalephera kufika 7 kapena akakana ndi 1, ngati wadwalika kapena akuwodzera moti sangayambe ndi 2. Lachinayi ndi funso lakuti kodi pali umboni woti maganizo kapena khalidwe lake zasintha mwadzidzidzi, kapena zikusinthasintha, m'masabata awiri apitawa, ndipo zikuonekabe m'maola 24 apitawa. Ngati ndi choncho, 4. Zonse pamodzi zikafika 4 kapena kuposa, n'kutheka kuti ndi delirium ndipo dokotala amuone mwamsanga. Zikakhala 1 mpaka 3, mwina pali vuto la kuganiza lofunika kulifufuza. Ikakhala 0, delirium n'njokayikitsa, koma zimenezo sizikutanthauza kuti musiye kumuyang'anira.

Palinso ina yaifupi kwambiri yotchedwa DTS, ya pamalo osankhira odwala, imene imatenga masekondi osakwana 20: kuona mmene munthu alili maso, kenako atchule zilembo za mawu a Chingerezi akuti LUNCH chobwerera. Kwa wodwala amene sadziwa Chingerezi kapena sanapite kusukulu, imeneyi n'njosathandiza. Ngakhale 4AT ili ndi msampha womwewo pang'ono. Alipo okalamba anzeru zawo bwinobwino amene sadziwa tsiku lawo lobadwa ndipo sanazolowere kutchula miyezi motsatana. Kwa otere mukhoza kuwapempha masiku a pa sabata chobwerera, kapena kuwerenga kuyambira 20 kutsika mpaka 1, kuti muone ngati akutha kugwira chinthu chimodzi m'maganizo. Koma lembani zimene mwafunsazo, chifukwa mukasintha funso ndiye kuti simukuyezanso ndi 4AT yeniyeni. Ubwino wake ndi wakuti magawo awiri olemera kwambiri, loyamba ndi lachinayi, sadalira sukulu.

Amene anakonza 4AT anafuna kuti munthu aigwiritse ntchito popanda maphunziro apadera, ndipo n'zoona kuti malangizo ake amakwana pa pepala limodzi. Komabe pali zolakwika zimene zimabwerezeka paliponse, ndipo apa ndi pamene nthawi yanu yambiri ipite.

Choyamba chimachokera ku mtima wabwino. Namwino akaona agogo akuvutika ndi miyezi, amawathandiza: “Disembala, kenako Nove...” Mayeso athera pomwepo. N'kololedwa kuthandiza kamodzi poyambira, kufunsa kuti mwezi wobwera Disembala asanafike ndi uti, koma akayamba muwasiye, ndipo kukhala chete kwawoko ndi yankho. Anamwino ena amachita manyazi kufunsa munthu wamkulu ngati kholo lawo kuti chino ndi chaka chanji. Apatseni mawu oyambira, monga akuti, “Agogo, mafunso awa ndimafunsa aliyense wobwera kuno, ena ndi ophweka, musadabwe.” Akawanena kangapo, manyazi amatha.

Chachiwiri n'choopsa kwambiri. Wodwala akuwodzera, sakuyankha, ndiye namwino amalemba kuti “sanayezeke” n'kupita kwa wina. Mu 4AT munthu wotere wapeza kale 4 pa gawo loyamba, 2 pa lachiwiri, 2 pa lachitatu. Kusayezekako ndiye zotsatira zake. Muzibwereza mfundo imeneyi mpaka anzanu atope nayo.

Chachitatu ndi kukhutira kuti wodwala akudziwa dzina lake ndi komwe ali. Anthu ambiri a delirium amayankha zimenezo molondola, makamaka m'mawa. Chimene chimawagwira ndi funso lofuna kuti maganizo akhale pamodzi kwa kanthawi. Ndipo mbali inayo, musatche munthu wosokonezeka pamene vuto lake n'lakuti sakumva. Funsani ngati ali ndi magalasi kapena kachipangizo kothandiza kumva, muwaveke, muime pamene akuona nkhope yanu, mulankhule chinenero chimene amachidziwa bwino.

Gawo lachinayi lija limadalira munthu amene amamudziwa wodwalayo, ndipo kufunsa wachibale ndi luso lofunika kuliyeserera palokha. Funso loti “Kodi amasokonezeka?” limabweretsa yankho loti “Eya, ndi okalamba.” Funsani kuti, “Mmene alilimu ndi mmene amakhalira masiku onse?” Kenako tsikani ku zinthu zogwirika: sabata yatha ankadya okha? ankapita okha kuchimbudzi? ankakuzindikirani? usiku wapitawu anagona bwanji? munayamba liti kuona kusintha? Ngati wabwera yekha, imbani foni kwa wachibale kapena kumene amasamalidwa, funsani amene anamubweretsa pa ambulansi asanachoke. Foni ya mphindi ziwiri imeneyi nthawi zina imanena zambiri kuposa kuyeza magazi.

Kayeseleredwe kake kakhale kotere. M'kalasi, anamwino akhale awiriawiri, wina akhale wodwala. Aliyense amafuna kusewera wodwala wolusa chifukwa amaseketsa, koma inu muwapatse wachete, wa dementia amene alibe delirium, ndi wosamva bwino. Kenako pitani ku bedi. Inu ndi namwinoyo muyeze wodwala mmodzi, aliyense alembe payekha, kenako mukambirane panja pamene mwasiyana. Sankhani anamwino angapo amene achigwira bwino, pa shifiti iliyonse pakhale mmodzi woti ena azimufunsa. Shifiti ya usiku musaiiwale. Delirium imakonda kukula usiku, pamene ogwira ntchito ndi ochepa ndipo amene anaphunzira masana ali kunyumba.

Koma A Sista, kuzindikira kopanda chochita kumafooketsa. Namwino akauza dokotala kuti 4AT ya bedi lachitatu ndi 8, dokotala n'kungogwedeza mutu n'kupitiriza zake, kachitatu namwinoyo sadzayezanso. Choncho madokotala akhalepo pa maphunzirowo, ndipo mugwirizane polemba kuti chimachitika n'chiyani wodwala akafika 4. Ku United Kingdom, njira yowerengera kuopsa kwa matenda ya NEWS2 ya mu 2017 inaika kusokonezeka mutu kwatsopano pa mlingo umodzi ndi munthu amene sakutsitsimuka bwino, mapointi 3, okwanira kuti aonedwe mwachangu. Maganizo amenewo ndi oyenera kuwatengera.

Zambiri zoyamba namwino angazichite asanadikire aliyense. Shuga wa pachala ndiye woyamba, chifukwa akatsika amapha msanga koma amakonzeka msanga. Kenako okosijeni, kapumidwe, kutentha thupi, BP ndi kugunda kwa mtima. Agwire pamimba kuona ngati chikhodzodzo chadzaza, afunse kuti wachita liti chimbudzi, popeza mkodzo wotsekeka ndi kudzimbidwa zimasokoneza okalamba ambiri ndipo sizivuta kuthetsa. Ayang'ane ululu, pokumbukira kuti wosokonezeka sanena kuti pakupweteka, amangochita tsinya kapena kukana kumugwira. Fupa la m'chiuno lothyoka limabisala motero. Afunse ngati anagwa n'kumenyetsa mutu, makamaka ngati amamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi monga warfarin. Aone mankhwala onse amene amamwa, omwe ayamba kumene ndi omwe asiya mwadzidzidzi: ogonetsa monga diazepam, a ziwengo monga diphenhydramine, amitriptyline, opha ululu amphamvu monga pethidine ndi tramadol. Afunse za mowa mosapita m'mbali, chifukwa kusiya mowa mwadzidzidzi kumabweretsa delirium yoopsa, ndipo okalamba safunsidwa kawirikawiri. Zotsalazo, monga mchere wa m'magazi, impso, chibayo, sitiroko, ndi za dokotala ndi labotale. Kawirikawiri zoyambitsa zimakhala ziwiri kapena zitatu nthawi imodzi, choncho kupeza chimodzi si chifukwa chosiyira kufufuza.

Pali msampha wina umene ndimafuna utchulidwe m'kalasi iliyonse, wa mkodzo. Okalamba ambiri, makamaka amayi, amakhala ndi tizilombo mu mkodzo popanda kudwala. Ndiye wosokonezeka akafika, wina amayeza mkodzo, kapepala kasintha mtundu, onse n'kupuma kuti chapezeka, apatsidwe maantibayotiki. Pamenepo kufufuza kwatha, pamene mwina magazi akuchucha m'mutu. Matenda a m'njira ya mkodzo amayambitsadi delirium, koma kapepala kokha si umboni.

Za wodwala wolusa, anamwino adzakufunsani za jakisoni. Auzeni mosabisa kuti mankhwala ogonetsa sachiza delirium. Diazepam ndi anzake amaikulitsa, kupatula pamene yayamba chifukwa chosiya mowa kapena mankhwala a mtundu womwewo, kapena pali kukomoka kwa khunyu. Haloperidol wochepa amaganiziridwa pokhapokha munthu akuzunzika kwambiri kapena angadzivulaze kapena kuvulaza ena, njira zina zitalephera, ndipo saperekedwa kwa wa matenda onjenjemeretsa thupi a Parkinson kapena dementia ya mtundu wa Lewy body. Kumangirira pa bedi kumawonjezera mantha ndi kuvulala. Chimene chimathandiza kawirikawiri ndi munthu mmodzi wolankhula modekha, wachibale kukhala pambali, kuchepetsa phokoso, kuthetsa ululu, ndi kumufunsa chimene akuopa. Ambiri amene anachira amafotokoza kuti ankaona zinthu zoopsa ndipo ankakhulupirira kuti akufuna kuphedwa. Namwino akadziwa zimenezi, amasiya kumuona wodwalayo ngati wamwano.

Zinthu zing'onozing'ono zomwezi zimatetezanso amene sanasokonezeke. Mu 1999, Dr Inouye anasonyeza kuti kukumbutsa odwala tsiku ndi malo, kuwayendetsa, kuwapatsa madzi, magalasi ndi zothandiza kumva, komanso kuwathandiza kugona popanda mankhwala, kunatsitsa delirium m'mawodi kuchoka pa 15 kufika pafupifupi 10 pa 100 alionse. M'chipinda chanu zikutanthauza kusamusiya wokalamba pakhonde usiku wonse magetsi akuwala, kusamuika paipi ya mkodzo popanda chifukwa chenicheni, ndi kusamuletsa kudya ndi kumwa kwa maola ambiri pongodikira.

Aphunzitseninso kulemba mawu oti delirium m'fayilo, pamodzi ndi nambala ya 4AT ndi nthawi imene anayeza, osati “wosokonezeka pang'ono” kapena “sakugwirizana nafe”. Mawu osamveka amasowa wodwala akamasamutsidwa, ndipo ku wodi amayamba kuganiza kuti ndi mmene alili. Powapatsira anzanu a shifiti ina kapena a ku wodi, dzina la vutoli litchulidwe pakamwa. Ngati wodwala akhalitsa m'chipinda chanu, kapena wachibale akanena kuti wasintha, ayezedwenso. Ndipo ngati dokotala waganiza zomutulutsa, achibale auzidwe dzina la vutoli, zizindikiro zoti abwerere nazo, ndiponso kuti kuchira kwake kumatha kutenga masabata ngakhale miyezi.

Mwafunsanso kuti mudzadziwa bwanji kuti zathandiza. Mayeso olemba a asanaphunzire ndi ataphunzira amasangalatsa mabwana, chifukwa pafupifupi nthawi zonse amakwera, koma amangosonyeza kuti anthu anamvetsera. Umboni weniweni uli m'mafayilo. Musanayambe maphunziro, tengani mafayilo a odwala a zaka 65 kupita m'tsogolo, mwachitsanzo 30 otsatizana, muone kuti ndi angati anayezedwa. Muzibwereza mwezi ndi mwezi, masana ndi usiku padera. Kenako muone kuti mwa oyezedwawo ndi angati afika 4. Ngati mafomu onse adzazidwa koma pafupifupi onse ndi 0, musakondwere, anthu akungochonga, chifukwa mwa okalamba 10 alionse mumayembekezera mmodzi kapena kuposa. Chomaliza, mwa amene anafika 4, muone angati anayezedwa shuga, angati anaonedwa ndi dokotala m'nthawi imene munagwirizana, ndi angati mawu oti delirium anafika nawo ku wodi. Zotsatirazo muziziika poonekera m'chipinda cha anamwino, popanda mayina a anthu, ndipo muzikambirana posinthana shifiti. Malo olembapo 4AT akhale pa pepala lomwelo lolembapo BP ndi kutentha thupi, osati pa fomu ina yofunika kukaifunafuna m'kabati. Namwino aliyense watsopano ayeze odwala angapo pamaso pa mnzake wodziwa m'sabata yake yoyamba, apo ayi pakatha chaka ambiri mwa amene munawaphunzitsa adzakhala atasamuka ndipo mudzayambiranso pachiyambi.